Bowa wa Pansi pa Malaina

Mvula inapita, chimanga chinalowa m'nkhokwe, dzuwa linawamba mpaka zitsime kuphwa, mvula ina n'kubweranso, koma chithunzi cha amake Betty osaoneka. Mujahid, mnyamata wojambula wa ku Chipata, analonjeza ndi pakamwa pake ataima m'mbali mwa msewu wa ku Madzimoyo, matope ali m'mabondo. Anati, "Amayi, ndidzakubweretserani chachikulu, cha m'galasi, chopachika pakhoma." Chinabwera? Chibwere kuti! Munthu wa kamera yodula kuposa ng'ombe, kulephera pepala limodzi. Amake Betty, amene dzina lawo la ubatizo ndi Mainess, saiwala chawo ngakhale chikhale singano. Ndipo munthu akachedwa kubweza chinthu, iwo sanena kuti waiwala. Amati pali chimene akubisa.

Nyengo ya mvula amake Betty amagulitsa bowa pamsika wa Kapata. Osati bowa wamba. Ndelema yoyera, yonenepa, yoti umodzi udzaze chikhatho, ndi manyame ofiira opanda mchenga. Kumene amazula, palibe adziwa. Amuna awo a Wilbroad sadziwa, Betty mwana wobala okha sadziwa. Malowo anawasonyeza ndi mayi awo atatsala pang'ono kufooka miyendo, ndipo anawauza mawu amodzi okha, kuti malo a bowa ali ndi mwini mmodzi, akakhala awiri ndiye kuti mawa ndi mudzi wonse. Amene ankawafuna kwambiri malowo ndi Lettie, mlongo wa a Wilbroad, amene amayala thumba lake pafupi ndi la amake Betty pamsika pomwepo. Zaka zonsezi Lettie wakhala akuwalondola. Amake Betty amatuluka ndi khasu ngati akupita kudimba, n'kukhotera kumtsinje, n'kuyenda m'madzi kuti mapazi asaoneke. Lettie amabwerako ndi zitedze m'miyendo basi.

Chaka chino ndelema inatuluka bwino. Amake Betty anayala milu yawo, n'kukhala pansi kudikira. Anthu ankafika, kuyang'ana bowa, kuyang'ana nkhope ya mwini wake, kenaka n'kusuntha phazi kupita kwa Lettie, amene bowa wake unali wofota, wina wa mphutsi. Poyamba anati mwina mwezi sunathe, anthu alibe ndalama. Nanga za Lettie akuzitenga kuti? Anatukula thumba kuona ngati pansi pakwiriridwa kanthu. Anasesa, anawaza mchere, anasintha ndi poyala pomwe. Madzulo ankabwerera ndi beseni lolemera monga linapitira, bowa wayamba kununkha, a Wilbroad n'kumadya bowa m'mawa ndi madzulo mpaka kudandaula.

Tsiku lina anaona amake Usman, a Khadijah, amene amuna awo ali ndi sitolo ya nsalu kumunsi kwa tauni. Amenewa ndi kasitomala wa zaka ndi zaka, wosanenerera mtengo. Anadutsa maso ali kumbali, n'kukagwada kwa Lettie. Pobwerera amake Betty anawagwira dengu.

"Amake Usman, mwandidutsa ngati chitsa. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, amake Betty. Ndathamanga chabe, kunyumba kuli alendo."

"Alendowo mukawapatse mphutsi za Lettie? Onani wanga uyu. Mununkhizeni. Nenani chimene chilipo, ine si mwana."

Amake Usman anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ine ndili ndi ana, mayi. Bowa wa pansi pa malaina sungalowe m'nyumba mwanga."

"Wa pansi pa chiyani?"

"Musandifunse ine, kafunseni kalendala. Ya chaka chamawa, imene a sitolo ya mbewu akugawa ulere. Tsamba loyamba ndinu. Mwagwada, mukuzula bowa, ndipo pamwamba panu pali mtengo wa malaina, masamba ake ali yangayanga. Ili m'sitolo mwathu, ili kuchigayo, ili ndi kwa ometa tsitsi komwe."

Lettie anaseka osabisa n'komwe mano. "Mwatchuka, alamu! Ife tikufa osajambulidwa."

Aliyense woyamwa bere la kumudzi adziwa kuti bowa womera pansi pa malaina kapena bulugama sakhudza ndi chala chomwe. Uoneke woyera bwanji, umenewo ndi maliro. Amake Betty anakumbukira tsiku lojambula lija.

Mujahid anafika chaka chatha pamsika pomwepo, kamera ili pakhosi, n'kunena kuti akujambula anthu ndi tchire, mmene zimakhalirana. Anapempha kuti apite nawo kumene amazula bowa. Amake Betty anamuyeza kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Munthu wa m'tauni afuna chiyani kutchire? Wamutuma ndani? Lettie anali pomwepo, makutu ali tcheru, akunamizira kuthamangitsa ntchentche. Koma mnyamatayo anati agula beseni lonse osatsitsa mtengo, ndiponso adzabweretsa chithunzi cha m'galasi. Beseni lonse silikanidwa. Anamuuza kuti abwere mawa lake dzuwa litakwera, akumane pamsewu.

Iwo analawira okha kumalo kwawo, anazula ndelema ndi mizu yake yomwe, n'kuwolera masamba ouma a msuku m'chitenje. Atafika pamsewu anafuna malo a mthunzi ndi dothi lofewa, kutali ndi phiri lawo. Anawapeza kuseri kwa nyumba ina yakugwa, pamene panali mitengo yobzalidwa kalekale. Anasesa zipatso zachikasu zimene zinagwa pansi, anakumba timaenje ndi kamtengo, anazika bowa umodziumodzi, n'kuwaza masamba a msuku aja pamwamba. Ntchito yaukhondo. Ngakhale Lettie akanati wamera pomwepo. Pansi anakonza bwino, koma kumwamba sanayang'aneko. Ayang'aniranji? Wojambula bowa amaloza pansi. Anaona mnyamatayo akugona chafufumimba m'matope, kamera italoza chokweza, iwo n'kungoti ndi misala ya ana a sukulu.

Atamva za kalendalayo, amake Betty anasiya beseni kwa mayi wogulitsa tomato, osati kwa Lettie, n'kuyenda wapansi mpaka anapeza situdiyo ya Mujahid, kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Sanaodire.

"Iwe! Ukundidziwa?"

Mujahid anadzuka pampando, manja onse patsogolo. "Amayi a bowa! Sole kwambiri, ndakhala bize, koma chanu chija..."

"Manjawo bweza. Ndionetse kalendala."

Inali pakhoma pomwepo. Amake Betty anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Anali iwodi, duku lawo lobiriwira, manja awo ali pa ndelema, nkhope yowala ngati ya mtsikana. Sanadzionepo okongola chotero. Koma iwo anali kumunsi, pakona. Pepala lonse linadzaza ndi mtengo: thunthu lotuwa, nthambi, masamba akuluakulu onga mtima, dzuwa likudutsa pakati pake. Malaina woti ngakhale wakhungu amudziwe pomupapasa.

"Anakuuza ndani kuti ujambule mtengo?"

"Amayi, chithunzi chake ndi chimenecho. Munthu ndi mtengo umene ukumudyetsa. Anthu achikonda kwambiri, a sitolo anachisankha okha kuti chikhale choyamba."

"Ukumudyetsa! Mtengo uwu ukuudziwa dzina lake?"

Mujahid anayang'ana kalendala. "Mtengo wa m'tchire."

"Wakupatsa zingati Lettie?"

"Lettie ndani?"

Amake Betty anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Wabodza amaphethira, uyu sanaphethire. Koma alipo ena ophunzira bodza kusukulu. Anatembenukira zithunzi zina za pakhoma. Panali mkulu wina ataima pafupi ndi uvuni wa makala, utsi ukufuka. Panali anyamata atanyamula mbewa zopanidwa pandodo, kumbuyo kwawo tchire likuyaka. Panali mayi akutunga madzi pakasupe wa pakati pa miyala.

"Mkulu uyu a zankhalango sanamumange? Nanga kasupe uyu, lero sakutungapo mudzi wonse? Iwe umayenda ndi chinthu chako ichi kutola za eni, n'kumapachika poyera. Amenewa unawapatsa zithunzi zawo, kapena nawonso akudikira ngati ine?"

"Amayi, khalani pansi, mundiuze chachitika n'chiyani."

Sanakhale. Anamuuza ali chiimire: za malaina, za amake Usman, za beseni lobwerera kumudzi lili lodzaza. Nkhope ya mnyamatayo inagwa.

"Ndiye kuti bowa uja unali wakupha? Ndinapita nawo kwa amayi anga, tinadya nyumba yonse!"

"Unafa? Bowa unali wabwino. Pamalo paja ndinachita kuzika ndekha."

"Kuzika?"

"Ndi manja awa. Umati ndikutengere kumalo kwanga chifukwa wavala kamera?"

Mujahid anakhala pansi iye. Anagwira mutu. "Ine ndinawauza a sitolo kuti zonse ndi zenizeni, palibe chokonza. Akamva izi sadzandipatsanso ntchito."

Apa amake Betty anakoka mpando n'kukhala. Munthu akaonetsa pamene pakumupweteka, malonda ayamba.

Mujahid ndiye anayamba. Anati kalendala sangaibweze, yafika kale mpaka ku Katete. Koma angajambule china, pamalo enieni, mtengo weniweni ukuoneka, bowa ukutuluka m'dothi lake. Achisindikize chachikulu, amake Betty achiimike pamsika pambali pa milu yawo, aliyense adzionere yekha kuti ndi msuku.

"Ehe. Ndiye nkhani yake imeneyo. Wazungulira chaka chonse kuti udzafike pomwe unayambira. Ufuna malo anga."

"Malo anu ndichite nawo chiyani ine? Bowa wakudya ndi wakupha sinditha n'kusiyanitsa komwe."

"Iwe sutha. Chinthu chakocho chimatha."

Koma anaganiza za beseni. Anaganiza za Betty amene sukulu ikatsegulira adzafuna nsapato ndi yunifolomu, ndipo zonsezo zimachokera m'bowa wa miyezi iwiri yomweyi. Anayamba kuika malamulo awo, chala chikugogoda patebulo. Foni isiyidwe ku Chipata, chifukwa anamva kuti mafoni amakumbukira njira. Njinga yamoto isiyidwe pamsewu waukulu. Avale jekete lakale la a Wilbroad ndi chipewa chawo, kuti woona patali aziti ndi mwamuna wa pakhomo akupita kukaona misampha. Ajambule tsinde la msuku, masamba a nthambi yam'munsi, bowa ndi nkhope yawo, basi. Phiri ayi. Mwala ayi. Chulu ayi.

"Nanga thambo?" anafunsa Mujahid, akuyesa kuseka.

"Thambonso ayi. Lettie amadziwa ndi mitambo yomwe."

Chilichonse chojambulidwa achione okha kumbuyo kwa kamera, chimene achikana chifafanizidwe iwo akuona. Zithunzi zikhale ziwiri, china cha pamsika, china chikapachikidwe m'sitolo mwa amake Usman, pamwamba pa kalendala. Mujahid anati ziwiri zachuluka, pepala lalikulu ndi lodula. Amake Betty anadzuka n'kufunsa kuti sitolo ya mbewu ija ili mbali iti. Zinakhala ziwiri.

"Ndipo changa chakale chija ubwere nacho. M'galasi, monga unanenera. Chikhale choipa, chikhale chabwino, ndi changa. Pakamwa utseke. Ngakhale amako asamve."

Mujahid anafika Loweruka m'mawa, mvula itangokata, chikwama chili kumsana. Jekete la a Wilbroad linamufika m'mabondo. Amake Betty anamusecha m'matumba ngati wapolisi wa pachipata, anapeza makiyi ndi switi, n'kumuuza kuti atsogole iye, iwo azimuuza kokhotera ali kumbuyo. Anadutsa m'dimba, analowa mumtsinje. Mnyamatayo anaterereka kawiri, kamera ataikweza m'mwamba ngati khanda. Anatuluka m'madzi pamene pali thanthwe, n'kuyamba kukwera.

Tchire la kumeneko ndi lina. Misuku ndi mitondo yaima mothithikana, pansi pali pofewa ndi masamba ovunda, phazi silimveka. Mujahid anaima, n'kukweza kamera.

"Tsitsa! Ndakuuza kuti pano?"

"Kuwalaku, amayi, taonani mmene kukugwera pa..."

"Kuwala kwa amako. Yenda."

Anali pafupi. Amake Betty ankamva kale fungo lake, lija la dothi lotupa bowa ukamatukula. Kungodutsa kachigwa kamodzi basi. Ndi pomwe anamva kanthu kumunsi, kumene anachokera. Thyo! Kamtengo kouma. Anamugwira jekete mnyamatayo, onse n'kuima. Mbalame zinali kulira monga kale. Kenaka chifuwa, chimodzi, chotsekedwa ndi dzanja.

Anasuzumira pakati pa mitengo. Kutali, pafupi ndi thanthwe lija, panadutsa chitenje chabuluu, n'kubisika. Lettie ali nacho chabuluu chotero. Komanso amayi onse a chigwirizano cha kutchalitchi ali nacho, theka la mudzi.

"Unauza ndani?" ananong'ona.

"Palibe, ndikulumbira."

"Ganiza bwino. Kuchoka pamsewu kufika pakhomo panga, unatsegula pakamwa?"

"Ndinangofunsa njira. Foni munati ndisiye, nyumba zanu ndi zofanana. Pamjigo panali mayi wina, ndinati kwa amake Betty ndi kuti."

"Kamera ili pati?"

"Pakhosi."

"Wooneka bwanji mayiyo?"

"Sindinamuyang'anitsitse. Mayi chabe, ndi ndowa."

"Wojambula wosayang'anitsitsa! Mtengo unauona, munthu osamuona."

"Amayi, mwina ndi wotola nkhuni."

"Nkhuni zonyowa? Mvula yagwa usiku wonse."

"Mwina mbuzi yake yasochera. Tafika kale, si choncho? Ndipatseni kanthawi kochepa, ndijambula msangamsanga, tibwerera. Lolemba chithunzi chili pamsika, amake Usman akugula."

Amake Betty anayang'ana kutsogolo, ku kachigwa. Anayang'ana kumbuyo. Chitenje sichinaonekenso, ndipo chimenecho ndicho chinawavuta koposa. Wa mbuzi amaitana mbuzi yake. Wa nkhuni amathyola nkhuni mosabisa. Wokhala chete akudikira kuti uyende. Anayang'ananso mnyamatayo, jekete likumulendewera, maso ali mbee. Kaya ndi wopusa chabe, kaya ndi wochenjera wodziwa kuoneka wopusa, zotsatira zake ndi zimodzi.

Anakhala pansi patsinde la mtengo, n'kutambasula miyendo.

"Sitipita."

"Amayi! Msika wanu?"

"Kalendala ndi ya chaka chimodzi. Tsamba langa likatha mwezi wake, ana akutira nalo mabuku. Anthu aiwala, m'mimba simuiwala ndelema. Koma malo akaonedwa ndi maso awiri owonjezera, chaka chamawa upezapo mapazi okhaokha, akumba ndi makasu, atentha ndi makala pomwepo. Amenewo sabwerera."

"Nanga chaka chino mudya chiyani?"

"Ku Mwami, pamalire, kuli madalaivala a mathiraki, amagona pamzere kudikira mapepala, akuphika pansi pa galimoto. Amenewo kalendala ya mbewu alibe. Minibasi idya phindu, ndikudziwa, usandiuze. Nsapato za Betty zidikira." Anatambasula dzanja. "Changa."

"Pano? M'tchire?"

"Unandilonjeza uli m'matope. Upereke uli m'matope."

Mujahid anavula chikwama, anatulutsa chinthu chokulungidwa m'pulasitiki, n'kupereka ndi manja awiri. Amake Betty anamasula. Felemu yakuda, galasi loyera, malaina ali yangayanga, iwo ali pakona ndi duku lawo lobiriwira. Anagogoda galasi ndi chikhadabo kuti amve ngati ndi lenileni. Anatembenuza kuona ngati kumbuyo kuli kokolowekera. Kunali.

Anachiika m'beseni chafufumimba, anavundikira ndi chitenje, n'kusenza. Kenaka anakweza mawu kuti afike mpaka kuthanthwe kuja.

"Wajambula zokwanira, mwana wanga! Malo ake ndi ano, koma lero bowa sunamere!" Anatsitsa mawu. "Za iwe ndi ine zatha. Jekete ukasiye pakhonde. Tsika, ndipo usatembenuke."